Zokhudza Onse Zikambidwe Poyera



1. Mu 2001, bungwe la Baobab Health linayamba kulemba mbiri ya odwala pa kompyuta ku chipatala chachikulu cha Kamuzu muno mu Lilongwe, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inafika ku Bwaila ndi ku zipatala zina. Nawonso Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero zake kudzera mu pulogalamu ya DHIS2, yochokera ku yunivesite ya Oslo. Mapulogalamu otere ndi otseguka: aliyense ali ndi ufulu wowerenga kapangidwe kake, kuwakonza ndi kugawira ena. Motero ndi chuma cha tonse.

2. Koma kutseguka kwa pulogalamu pakokha sikukwanira ngati mfundo zoyendetsera pulogalamuyo zimangidwa mseri. Ndani asankha zoyenera kusintha? Ndani aloledwa kuona mbiri ya wodwala? Nanga ntchito idzapitirira motani opereka thandizo akadzachoka? Mafunso awa akayankhidwa ndi anthu ochepa m'maofesi a ku City Centre kapena m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43, namwino ndi kalaliki amene amakhala ndi mzere wa odwala tsiku ndi tsiku amangolandira zimene sanafunsidwe. Paja akulu anati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

3. Njira yabwino ilipo. Bungwe la Apache, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayembekezera kuti ganizo lalikulu lilembedwe pamene onse angalione, kuti papite maola osachepera 72 anthu akupereka maganizo, ndiponso kuti wokana kusintha kwina apereke chifukwa chomveka. Kumvana kotere sikutanthauza kuti onse anene chimodzi, koma kuti wotsutsa wamvedwa ndi kuyankhidwa.

4. Tsono tikupempha izi:
(a) Akatswiri athu alembe maganizo awo poyera, m'mau oti ogwira ntchito m'zipatala awamve.
(b) Boma ndi opereka thandizo asamange mfundo asanafunse ogwiritsa ntchito mapulogalamuwa.
(c) Chigamulo chilichonse chisungidwe pamodzi ndi zifukwa zake, mogwirizana ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020.
(d) Chinsinsi cha wodwala chitetezedwe, pakuti choyenera kukhala poyera ndi mfundo, osati matenda a munthu.

5. Inunso m'makomiti a zipatala ndi a chitukuko, musaope kufunsa kuti anagamula ndani, ndipo anafunsa yani. Kukambirana kumachedwetsa, koma denga losenzera limodzi silipsinja munthu.