KHONSOLO ILONJEZE ZIMENE INGATHE KUMALIZA

Chaka chilichonse, nyengo yokonza ndondomeko ya chuma ikafika, Khonsolo ya Boma la Blantyre imalandira zopempha zochokera m'midzi. Anthu a ku Chileka ndi ku Lirangwe, monga anzawo a m'madera ena, amafuna midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, mijigo, milatho ndi mashedi a pamsika. Zopempha zonsezi n'zoyenera. Vuto limabwera pamene atsogoleri, poopa kukhumudwitsa anthu, avomera zonse pamodzi chikhalirecho akudziŵa kuti ndalama ndi antchito sizikwanira. Mapeto ake ndi maziko omera udzu ndi makoma otha zaka popanda denga.

Tiyenera kuyamba ndi kudziŵa kukula kwa thumba lathu. Kalembera wa mu 2008 atapita, wa mu 2018 anapeza kuti anthu okhala m'boma la Blantyre kunja kwa mzinda ndi opitirira 450,000. Khonsolo ya Mzinda imatolera msonkho pa mafakitale, masitolo ndi nyumba. Khonsolo ya Boma ilibe mwayi wotere. Iyo imadalira ziphaso za m'misika monga ya Lunzu, Chileka ndi Lirangwe, malaisensi a malonda, ndiponso ndalama zochokera ku Lilongwe. Mfundo zopereka mphamvu kwa anthu za mu 1998 zinati makhonsolo azilandira K5 pa K100 iliyonse imene Boma latolera, koma kwa zaka zambiri zofika zinali zochepera pamenepo. Kuwonjezera apo, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya simenti ndi malata inakwera. Namondwe Freddy wa mu March 2023 naye anasiya milatho ndi sukulu zofunika kukonzanso.

Antchito nawonso ndi oŵerengeka. Nyumba siimangidwa ndi ndalama zokha. Pafunika mmisiri wa ku Khonsolo wokayendera ntchitoyo maziko asanakwiriridwe, woŵerengera ndalama wosunga malisiti, ndi mafuta a galimoto yowafikitsa kumeneko. Anthu omwewo akapatsidwa ntchito makumi atatu nthaŵi imodzi, palibe ndi imodzi yomwe imene idzayenderedwa bwino, ndipo kontalakitala wachinyengo amakondwa. Akuluakulu anati mapanga aŵiri avumbwitsa. Tisaiŵalenso kuti pansi pa ntchito ya GESD, imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza mu 2020, makhonsolo ankapimidwa chaka ndi chaka, ndipo ndalama zowonjezera zinkaperekedwa molingana ndi m'mene khonsolo yayendetsera chuma ndi ntchito zake. Khonsolo yoyamba zambiri n'kumaliza zochepa imadzimana yokha.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, timalize zimene tinayamba kale. Mdadada wa sukulu umene wafika pa lintala uli ndi ndalama za anthu m'kati mwake, ndipo mvula iliyonse ikagwa ndalamazo zimasungunuka. Kuufolera n'kotsika mtengo kusiyana ndi kukumba maziko atsopano kwina, ngakhale kuti mwambo woika mwala wa maziko ndiwo umasonkhanitsa anthu ambiri.

Chachiŵiri, ntchito iliyonse iŵerengedwe mtengo wake wonse. Chipinda chochiliramo amayi chifuna mzamba, nyumba ya mzambayo, madzi ndi magetsi. Popeza boma la Blantyre lakhala zaka zonsezi lopanda chipatala chachikulu cha boma lakelo, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth, zipatala zazing'ono za ku Chileka ndi ku Lirangwe zili ndi udindo waukulu. N'kwanzeru kulimbitsa zimene zilipo kusiyana ndi kumanga zina zimene zidzakhala zokhoma. Chimodzimodzinso mjigo: ngati palibe komiti yousamala ndi kathumba kogulira zipangizo, sudzachedwa kufa.

Chachitatu, tisiyanitse ntchito za Khonsolo ndi ntchito za mabungwe ena. Msewu wa Lirangwe-Chingale-Machinga, umene anthu anaulira kwa zaka zambiri, ndi wa bungwe la Roads Authority. Madzi a m'mipope ochokera ku Walker's Ferry, odutsa pa Chileka, ndi a Blantyre Water Board. Khansala ali ndi udindo wokumbutsa mabungwe ameneŵa ndi kukafikitsa madandaulo a anthu, koma asalonjeze pamsonkhano chinthu chimene makiyi ake sali m'manja mwake.

Ena adzanena kuti kuchepetsa zolinga n'kuchepetsa chitukuko, ndi kuti midzi yotsalira idzadandaula. Kudandaula kudzakhalapo ndithu. Koma munthu amene wauzidwa zoona kuti mlatho wake uli pa nambala yachitatu, ndipo akuona woyamba ndi wachiŵiri ikutha, amadikira mwaulemu. Amene amataya mtima ndi uja wolonjezedwa chaka chilichonse osaona kanthu. Tsono mndandanda wa ntchito udzere m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera a mafumu aakulu monga Kuntaja, Kapeni ndi Lundu, ndipo Khonsolo ikauvomereza umatidwe pa msika ndi pa bwalo la mfumu, pamodzi ndi mtengo wa ntchito iliyonse ndi tsiku loimaliza. Dziko lino linakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, choncho mwambo wofunsana za ndalama za Khonsolo ukadali wanthete ndipo ufunika kuulera.

Inu atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, musakakamize khansala kapena Bwanamkubwa kulonjeza zosatheka pofuna kuomberedwa m'manja. Limbikitsani anthu kulipira ziphaso za pamsika ndi kulandira lisiti, ndiponso kututa mchenga, miyala ndi madzi pa ntchito zodzithandiza. Inu ogwira ntchito m'Boma, auzeni atsogoleri chiŵerengero chenicheni, ngakhale chikhale choŵaŵa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chaka chino tisankhe ntchito zoŵerengeka, tizimalize, ana aloŵe m'kalasi, kenaka titenge zotsatira pa mndandanda.