Lamulo la m'bindikiro lidaiwala a m'malire

Mawu oti m'bindikiro si achilendo kwa Mchewa kapena Mngoni wa ku Mchinji. Namwali amabindikira m'tsimba, mayi amene wangochira kumene amabindikira m'chikuta, ndipo namfedwa naye amakhala masiku angapo osapita kumunda. Koma mwambo udakonza kuti wobindikira aliyense azikhala ndi womuphikira, womutungira madzi ndi womutolera nkhuni. Palibe amene amatsekeredwa m'nyumba n'kuuzidwa kuti za chakudya aziona yekha.

Apa ndi pamene padagona mkangano wa mu April 2020, ndipo mpaka lero anthu akaukumbuka amaukamba mosiyana.

Pa 14 April chaka chimenecho, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo a Jappie Mhango adalengeza kuti kuyambira pa 18 April mpaka pa 9 May, dziko lonse likhala pa m'bindikiro wa masiku 21 pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19. Misika ikuluikulu imayenera kutsekedwa, malonda osafunikira kwenikweni kuimitsidwa, ndipo wofuna kuyenda amayenera kukhala ndi chilolezo. Apa n'kuti patangodutsa masabata pafupifupi awiri boma litatsimikiza, pa 2 April, kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi kachilomboka ku Lilongwe. Sukulu zidali zitatsekedwa kale pa 23 March.

Anthu adagawikana. Ena amati boma lachita bwino, ndipo okana ndi mbuli zosadziwa zimene zimachitika ku Italy, kumene madokotala amasowa pogoneka odwala. Ena amati kuli bwino kufa ndi matenda kusiyana ndi kufa ndi njala. Mavenda a ku Blantyre ndi ku Mzuzu adalowa m'misewu kukanena zomwezo. Pa 17 April, kutatsala tsiku limodzi, woweruza Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe adapereka chiletso, bungwe la Human Rights Defenders Coalition lotsogozedwa ndi a Gift Trapence pamodzi ndi anzawo atakadandaula kuti boma silidakonze chilichonse chothandizira osauka. M'bindikirowo udathera papepala.

Zonsezi zimachitikira m'mizinda, ndipo nkhaniyi imakambidwa ngati ya m'tauni. Koma amene akufuna kuona bwino pamene lamulolo lidali lopunduka ayang'ane boma la Mchinji, limene kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 600 000, ambiri mwa iwo alimi.

April ndi May ndiyo miyezi imene mlimi wa kwa Mkanda, kwa Mavwere kapena kwa Dambe amadikira chaka chonse. Soya wauma, mtedza ukudikira khasu, chimanga chikufuna kusanja mikukwe, fodya ali m'chigafa ndipo msika wake ukutsegulidwa. Waganyu amapeza ndalama nthawi imeneyi. Amene adatenga feteleza pangongole amabweza nthawi imeneyi. Banja limene ladya gaga mu January ndi February limayamba kupuma nthawi imeneyi. Kumuuza munthu wotere kuti akhale pakhomo masabata atatu n'kumuuza kuti soya wake athethekere m'munda, mtedza umerere pansi, chiswe chidye chimanga.

Tsiku lamsika pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Waliranji si tsiku lokacheza. Mayi amanyamula dengu la tomato m'mawa kuti madzulo abwere ndi mchere, sopo ndi kausipa. Wakabaza akapanda kupalasa lero, ana ake agona ndi njala lero lomwe. M'nyumba zambiri mulibe furiji yosungira ndiwo za sabata, mulibe mpopi, moti ngakhale madzi osamba m'manja amene wailesi imalalikira amachokera pamjigo pamene pamadzaza amayi a mudzi wonse. Amene adalemba malamulowo amalandira malipiro pakutha pa mwezi, apite kuntchito kapena asapite. Ichi si chifukwa chowanyozera, koma chikufotokoza bwino zimene sadaone.

Ndiye pali nkhani ya malire. Munthu wa pa Boma la Mchinji ali pafupi ndi Chipata kusiyana ndi Lilongwe, kumene kuli mtunda woposa makilomita 100. Malire amenewa adalembedwa ndi Angelezi, nthawi imene Mchinji imatchedwa Fort Manning ndipo Chipata imatchedwa Fort Jameson, ndipo sadafunse kuti manda a mudzi uti ali mbali iti. Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu ndi amodzi ndi a Mpezeni, ndipo mu February amapita ku Ncwala ku Mtenguleni. Achewa amapita ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Alipo amene adakwatira tsidya lina, alipo amene munda wawo uli tsidya lina, alipo amene chigayo chapafupi kapena chipatala chapafupi chili m'dziko la eni. Kwa anthu otere, kuoloka malire n'chimodzimodzi kuoloka dambo.

Boma likanena kuti latseka malire, monga lidachitira kwa masiku 14 kumapeto kwa December 2020, chimene limatseka ndi chipata cha pamsewu wa tala wopita ku Mwami. Tinjira ta njinga todutsa m'minda tilibe geti. Zotsatira zake n'zodziwikiratu: mayi wa geni amene akadadutsa pachipata, pamene pali wa zaumoyo womuyeza kutentha kwa thupi ndi ndowa yosambira m'manja, amazembera kutchire kumene kulibe womuyeza. Kumeneko amakumana ndi ena omupempha kangachepe kapena kumulanda katundu. Lamulo lofuna kutsekereza kachilombo limathera pochotsa anthu pamaso pa achipatala.

Komanso dziko la Zambia silidakhale pa m'bindikiro wa dziko lonse. Lidatsekako malo ena, monga tauni ya Nakonde kumalire ndi Tanzania mu May 2020. M'bindikiro wa kuno ukadatheka, mudzi umodzi ukadakhala m'nyumba pamene achibale awo a tsidya la dambo akugulitsa malonda.

Boma lidazindikira mochedwa kuti wobindikira amafuna womuphikira. Pa 28 April 2020 mtsogoleri wa dziko lino a Peter Mutharika adalengeza kuti mabanja pafupifupi 172 000 azilandira K35 000 pamwezi. Maganizo abwino ndithu, koma adadza chiletso chitaperekedwa kale, ndipo ndalamazo zidali za m'mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Wakabaza wa pa Kamwendo sadali m'kaundulamo. Lamulo limamukhudza, thandizo ayi. Mu September chaka chomwecho, bwalo lalikulu lidagamula kuti malamulo a m'bindikirowo amatsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Lamulo la zaumoyo limene nduna idatsamira ndi la 1948, lolembedwa bwanamkubwa wa Chingelezi akadali ku Zomba.

Chimene chidaononga kwambiri ndi ndale. Bwalo lidali litafafaniza chisankho cha mtsogoleri cha 2019 pa 3 February 2020, ndipo chisankho chatsopano chimabwera. Otsutsa amaona m'bindikiro ngati njira yozembera chisankhocho. Kaya adali ndi mfundo kaya ayi, chimene munthu wakumudzi adaona ndi ichi: mwana wake ali pakhomo chifukwa sukulu n'zotseka, kumaliro akuuzidwa kuti kusachuluke anthu, koma andale a mbali zonse akusonkhanitsa miyandamiyanda ya anthu m'mabwalo, kuvina ndi kukumbatirana, mpaka tsiku loponya voti pa 23 June. Kodi kachilomboka kamaopa nsalu za chipani? Munthu akaona wopereka lamulo akuliphwanya masanasana, amaganiza chimodzi mwa ziwiri: mwina matendawo kulibe, kapena lamulolo ndi la amphawi okha. Ambiri adaganiza zonse ziwiri.

Apa ndi pamene okana nawonso adalakwitsa, ndipo kulakwa kwawo kudadula. Chiletso cha a Nyirenda chidanena za njala, ufulu ndi ndondomeko ya malamulo. Sichidanene kuti Covid-19 ndi bodza. Koma m'maminibasi, m'mabawa ndi pa WhatsApp chidamveka ngati khoti lagamula kuti matendawa ndi a azungu, kapena a anthu okwera ndege okha. Wovala chotchinga pakamwa ndi pamphuno amasekedwa kuti akudzionetsa. Achipatala, amene mu April momwemo adanyanyalapo ntchito m'zipatala zikuluzikulu podandaula kuti alibe zodzitetezera, amanenedwa kuti akulemba aliyense womwalira kuti ndi wa Covid-19 n'cholinga chodyapo ndalama. Mu May 2020 anthu mazanamazana obwera kuchokera ku South Africa adathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, pamene amadikira zotsatira za kuyezedwa, n'kubalalikira m'midzi. Madandaulo awo a chakudya ndi zimbudzi adali omveka, koma amene adakawalandira kumudzi adali agogo awo.

January 2021 adayankha onse. Pa 12 January, tsiku limodzi, dziko lidataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Mpweya wothandizira kupuma udasowa m'zipatala, bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe lidasanduka chipatala, ndipo anthu wamba adachita kusonkha ndalama zogulira masilinda. Kwa wodwala wa kwa Kapondo kapena kwa Simphasi, ulendo udali wautali: kuchoka kumudzi kufika pachipatala chaching'ono, kuchoka apo kufika pa Boma, ndipo zikavuta, msewu wonse wa ku Kamuzu Central kumene mabedi adali atadzaza kale. Namwino amene amachonderera anthu kuti asadzazane pamaliro sadali wankhanza. Amadziwa kuti boma lake lilibe pogoneka anthu makumi angapo obanika nthawi imodzi. Pofika pamene bungwe la WHO limalengeza mu May 2023 kuti mliriwu wasiya kukhala ngozi ya dziko lonse lapansi, Amalawi oposa 2 600 adali atalembedwa kuti adamwalira nawo, osawerengera amene adaikidwa m'midzi osayezedwa.

A Lazarus Chakwera, amene mgwirizano wawo udali pakati pa okayikira m'bindikiro woyamba uja, adapezeka akulengeza malamulo awoawo: osayenda usiku kuyambira 9 koloko, misika kutsekedwa 5 koloko madzulo, misonkhano kusapitirira anthu 50. Malamulo amenewa adali opepukirapo chifukwa amamulola munthu kukasaka chakudya masana, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: maliro atachuluka, ambiri adayamba kuvala zotchinga pakamwa popanda wowakakamiza. Koma chikhulupiriro chimene chimayamba kumera chidapsereranso ndi nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19. Kafukufuku wa mu April 2021 adaonetsa kuti gawo la ndalamazo lidathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, ndipo nduna ya zantchito a Ken Kandodo adachotsedwa paudindo. Patangopita mwezi, boma lidaotcha katemera woposa 19 000 amene adatha mphamvu asadabayidwe. Mlimi amene adamva pawailesi za mabiliyoni aja adali ndi chifukwa chofunsira mafunso pamene wa zaumoyo adafika m'mudzi ndi jakisoni, ngakhale wa zaumoyoyo sadalawe khobidi lililonse.

Pali chinthu china chimene chidachitika mu 2020 chimene sichikambidwa kawirikawiri. Mwambo wa Kulamba, umene umasonkhanitsa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mwezi wa August, udalephereka chaka chimenecho chifukwa cha mliriwu. Padalibe zionetsero, padalibe chiletso cha khoti, padalibe utsi wokhetsa misozi. Anthu omwe amatchedwa osamva aja adakhala pakhomo. N'zoona kuti kusapita ku Mkaika sikugoneka munthu ndi njala monga kutseka msika. Komabe zikuonetsa kuti mawu akachokera kwa munthu amene anthu amamukhulupirira, ndipo iyeyo akutayapo kanthu, amamveka mbali zonse za malire nthawi imodzi, chinthu chimene nduna ya ku Lilongwe kapena ya ku Lusaka singathe.

Miliri siidathe. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1 700 m'dziko muno, ndipo mikangano yokhudza kutseka sukulu ndi kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika idali yomweyo. Tsiku lina boma lidzafunanso kuti anthu a ku Mchinji asinthe kayendedwe kawo. Likadzafuna, liyambe lafunsa khonsolo, mafumu ndi makomiti a misika kuti mwezi umenewo anthu ali pantchito yanji. Msika wa tsiku limodzi pasabata ungathe kugawidwa masiku atatu kuti anthu asathinane, mmalo moutseka. Uthenga ungathe kudutsira pa wailesi ya Mudzi Wathu m'mawu a anthu odziwika m'deralo. Kaundula wa olandira thandizo akuyenera kukhala wokonzeka lamulo lisadalengezedwe, ndipo akuyenera kufika kwa Mduwa ndi kwa Nyoka, osathera ku Area 25.

Mu December 2022 a Chakwera ndi mtsogoleri wa Zambia a Hakainde Hichilema adatsegulira chipata chamakono cha Mchinji ndi Mwami, pamene ogwira ntchito a maiko awiriwa amaonera katundu ndi ziphaso malo amodzi. Ngati a kasitomu a maiko awiri angathe kugwirira ntchito pamodzi, akuluakulu a zaumoyo a ku Mchinji ndi a ku Chipata angathenso kugwirizana lamulo limodzi la midzi ya m'malire, n'kuika oyeza anthu pa tinjira timene aliyense, kuphatikizapo apolisi, amatidziwa.