Yambani mwawerenga anthu, holo pambuyo

Loweruka lapitali anzathu ena anatiitana kukalakatula m'holo ina yaikulu mu Blantyre muno, ya mipando yoposa chikwi. Tinalipo 37, kuwerengera mlonda ndi mayi wa mandasi. Ndakatulo yanga inkagunda khoma n'kundibwerera ngati ndikukuwa m'phanga. Ndalama zonse za pakhomo zinathera kwa eni holo, ine ndinabwerera wapansi mpaka ku Ndirande.

Nditafunsa kuti bwanji sanangobwereka kalasi pasukulu, mkulu wina anati, "Achimwene, anthu angatiyese osauka." Ha! Ndiye mipando yopanda anthu ndi chuma?

Nthenda yake ndi imodzi: okonza zochitika sawerenga anthu. Akawachulukitsa m'mutu mwawo, timangoluza ndalama. Akawachepetsa, timaika maliro. Pa 6 Julayi 2017, tsiku lokumbukira ufulu wathu, kulowa kunali kwaulere ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, komwe Bullets imakakumana ndi Silver Strikers. Bwaloli limalowa anthu pafupifupi 40,000, koma zipata zinachedwa kutsegulidwa khamu likuunjikana panja. Anthu 8 anafa poponderezana, ambiri mwa iwo ana. Kodi amene ananena za ulerewo ankayembekeza kuti kubwera anthu angati, ndipo alowera pati?

Tsono inu anzanga a zandakatulo, gulitsani matikiti kudakali masabata awiri, muone kuti atuluka angati, kenaka mukabwereke malo. Akakhala 40, kalasi ikwana, nanenso ndipezako ya minibasi.