Makina Olosera Khunyu Asatiiwalitse Mankhwala

Chimene chimazunza kwambiri munthu wodwala khunyu n'chakuti sadziwa nthawi imene adzagwe. Akhoza kugwa akuphika pamoto, akutunga madzi pachitsime kapena akuwoloka msewu. N'chifukwa chake akatswiri a zaubongo akhala akufufuza ngati kompyuta ingathe kuchenjeza wodwala asanagwe. Maganizo anga ndi akuti kafukufukuyu ndi wofunika ndipo apitirire, koma tisamuyembekezere kuthetsa vuto limene mankhwala otsika mtengo angathetse lero.

Poyamba tione mmene ntchitoyi imayendera. Ubongo umagwira ntchito ndi timphamvu tamagetsi, ndipo mu 1924 dokotala wa ku Germany, Hans Berger, adajambula timphamvuti mwa munthu kwa nthawi yoyamba. Njira imeneyi ndiyo EEG. Pofuna kulosera, akatswiri amapatsa kompyuta zojambula za maola ambiri, n'kuiuza kuti chigawo ichi chidajambulidwa wodwala atatsala pang'ono kugwa, chigawo icho ali bwinobwino. Ikaona zitsanzo zambiri, kompyutayo imaphunzira yokha kusiyanitsa zigawo ziwirizi, ngakhale kusiyanako kukhale kosaoneka ndi maso a dokotala.

Umboni woti izi n'zotheka ulipo. Mu 2013 Mark Cook ndi anzake a ku Melbourne, m'dziko la Australia, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 15 amene adawaika tizipangizo pamwamba pa ubongo, mkati mwa chigaza. Wodwala aliyense ankanyamula kachida kokhala ndi nyali: yofiira ikayaka, ndiye kuti ngozi ili pafupi, yabuluu ikayaka, ndiye kuti mpata wogwa ndi wochepa. Kwa ena chenjezoli lidagwira bwino ntchito, kwa ena ayi. Chaka chotsatira, mu 2014, padachitika mpikisano wa pa Kaggle, pomwe akatswiri a makompyuta a m'mayiko osiyanasiyana adapikisana polosera kugwa pogwiritsa ntchito zojambula za ubongo wa anthu ndi wa agalu odwala khunyu.

Komabe walira mvula walira matope. Vuto loyamba ndi chenjezo labodza. Nyali yofiira ikayaka kangapo patsiku munthu osagwa, iye amakhala mwamantha, amasiya ntchito, ndipo pamapeto pake amaleka kuikhulupirira. Ikalephera kuyaka munthu n'kugwa ali pamoto, ngozi imakula chifukwa anali atatayirira. Vuto lachiwiri ndi lakuti zizindikiro za muubongo zimasiyana munthu ndi munthu, choncho kompyuta imayenera kuphunzira wodwala aliyense payekha kwa miyezi. Lachitatu ndi la umunthu. Kampani ya NeuroVista, imene idapanga zipangizo za ku Melbourne zija, idatha chifukwa chosowa ndalama, ndipo odwala adachotsedwa zipangizozo, kuphatikizapo ena amene zinkawathandiza. Kuphunzitsa munthu kudalira chida kenaka n'kumulanda si chilungamo, ndipo kafukufuku aliyense wotere ayenera kunena poyambirira amene adzasamalire odwala ndalama zikadzatha.

Ena anganene kuti luso lililonse limayamba lodula ndi loperewera, kenaka limafika kwa aliyense, monga momwe zidakhalira ndi foni zam'manja. Mfundoyi ili ndi nzeru, makamaka tikaganizira odwala pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amene mankhwala sawathandiza mokwanira. Kwa iwo, chenjezo la mphindi zochepa lingawapatse mpata wochoka pamoto n'kukagona pamalo abwino. Koma foni safuna opaleshoni ya m'mutu, ndipo ambiri mwa odwala khunyu vuto lawo lili pena.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Likutinso odwala ofika 70 mwa 100 alionse angasiye kugwa atapimidwa ndi kulandira mankhwala oyenera, koma m'mayiko osauka atatu mwa anayi alionse salandira chithandizocho. Mankhwala a phenobarbital akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1912 ndipo ndi otsika mtengo. Kuno kwathu khunyu ina imabwera mwana akachira malungo a muubongo, ndipo pali anthu amene amaopabe kukhudza wodwala akagwa poganiza kuti matendawa ndi opatsirana, pomwe sapatsirana. Wodwala wotere akusowa mankhwala osadukiza pachipatala chapafupi ndi abale odziwa kumugoneka chammbali osamuika kanthu m'kamwa.

Choncho ofufuza apitirize kuphunzitsa makompyuta, ndipo ophunzira athu a sayansi alowe nawo m'ntchitoyi kuti zojambula za odwala a mu Africa zisasowe pa zitsanzo zimene makinawo amaphunzirira. Koma boma ndi mabungwe pogawa ndalama zochepa zimene zilipo ayambe ndi mankhwala, anamwino ophunzitsidwa bwino ndi uthenga wothetsa tsankho. Tikatero, makina olosera akadzakhwima adzapeza otsala ochepa amene akuwafunadi.