Akatuluka m'ndende, amawayang'anira ndani?

Munthu amene anamangidwa pa mlandu wakupha kapena wogwiririra akamaliza chilango, chipata cha ndende chimatsekulidwa, iye n'kuuyamba ulendo wa kumudzi. Kumeneko amakapeza abale a amene anamulakwira, munda ena analowamo kale, ntchito palibe. Boma limaona ngati lathana naye, chonsecho apa m'pamene anthu a m'mudzi ndi mwiniwakeyo ali pachiopsezo chachikulu.

Izi zinachitikapo kale. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti lalikulu linagamula kuti lamulo lokakamiza chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuyambira 2015 zilango zija zinaunikidwanso, ndipo anthu oposa 100 anatuluka m'ndende. Linali dongosolo lachilungamo, koma mtolo wowalandira unagwera mafumu ndi achibale.

Kwathu ku Mulanje mtolowu ndi wolemera. Malo ambiri achonde ali m'minda ya tiyi, choncho wobwerera alibe polima. Malire a Mozambique ali pafupi, pa Muloza, moti woganiza zothawa savutika. Komanso tisaiwale za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'dera lino. Mudzi umene uli ndi mantha suchedwa kutola miyala.

Ndiye chifukwa chake ndikuti boma lino likufunika nyumba yofikira anthu otere asanabwerere kwawo, yokhala ndi nthawi yofikira madzulo, alangizi ndi maphunziro a ntchito zamanja. Bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi nyumba yofananako ku Balaka, kusonyeza kuti n'zotheka kuno kwathu.

Koma nyumba yotere ikapanda woiyendera, imasanduka ndende ina yopanda woweruza, kapena malo ongogonapo opanda wodziwa kuti uje wagona kuti. Ku England ndi Wales nyumbazi zilipo, ndipo zimayenderedwa ndi bungwe loima palokha, osati amene amaziyendetsa. Nafenso tili ndi poyambira. Malamulo a 1994 anakhazikitsa Inspectorate of Prisons, yotsogoleredwa ndi jaji, yomwe ili ndi mphamvu zolowa m'ndende ngakhale osachenjeza. Mphamvu zimenezi zifike mpaka ku nyumba zofikirazi. Oyendera azifunsa ngati ogwira ntchito usiku alipo, ngati wolakwira ana wayikidwa kutali ndi sukulu, ndiponso ngati wolakwiridwa anauzidwa kuti munthu uja watuluka. Lipoti lake lizifika ku khonsolo, aliyense n'kuliwerenga.

Ena anena kuti ndalama zikusowa ngakhale zogulira ufa wa akaidi, nanji zomangira nyumba. N'zoona. Koma munthu wobwereranso m'ndende amadyanso ufa womwewo, ndipo amasiya wina akulira kumudzi. Anzanga amene mukuphunzira zamalamulo ndi zosamalira anthu, funsoli tilifunse phungu wathu nthawi ina akadzachititsa msonkhano.