Kalata ya Abusa: Thumba la Makala ndi Madzi a ku Mpira

Okondedwa athu mwa Khristu a m'boma la Ntcheu,

Tikulemba kalatayi mitima ikutiwawa. M'chaka cha 2018 damu la Mpira, lomwe limamwetsa ife a ku Ntcheu ndi anzathu a ku Balaka, lidaphwa mpaka matope apansi kung'ambika. Mipopi idauma. Amayi ankadzuka tambala asanalire kukandanda pamjigo, ena kukafukula mchenga m'mitsinje ndi kutunga madzi omwe ng'ombe zinkamwanso. Atsikana ankafika kusukulu dzuwa litakwera, makosi ali owawa ndi ndowa. Izi tidaziona ndi maso athu poyendera nkhosa. Mvula idachepadi, koma nkhalango ya Dzonzi-Mvai, yomwe imasunga madzi a damuli, idali itametedwa kale, ndipo dothi lokokoloka m'mapiri linkakwirira damulo chaka ndi chaka.

Adaimeta ndani? Ambiri timathamangira kuloza chala wootcha makala. Mumamudziwa bamboyo: akukankha njinga pachitunda, matumba atatu atamangidwa ndi malegeni, nkhope ili bii, chifuwa chikulira. Sadapite kuthengo chifukwa chokonda utsi. Munda udaguga, feteleza adakwera mtengo, ana akufuna fizi. Ndalama yomwe amalandira m'mbali mwa msewu wa M1 imatha asanafike kunyumba. Olemera ndi makala ndi eni malole omwe amanyamula katunduyu usiku kupita naye ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mneneri Amosi, m'mutu 8, adadzudzula amalonda otere, olemerera pamsana pa osauka.

Inu atsogoleri, mawu athu kwa inu ndi olimba. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, koma mano ake akuluma osauka okhaokha. Wanjinga amalandidwa thumba lake, lole yodzaza n'kudutsa pamalo omwewo. Lamulo lotere ndi lokondera, ndipo Mulungu amadana ndi tsankho. Mukuletsa makala, nanga anthu aphikire chiyani pamene magetsi afika m'nyumba zochepa ndipo gasi ndi wodula? Aphungu ndi makhansala, musamakumbukire Mvai pa nthawi ya kampeni yokha. Mafumu athu olemekezeka, musalole kuti anthu atsegule minda m'nkhalango yotetezedwa inu mukuyang'ana.

Tsono tiyeni tisuzumire kukhitchini ya mpingo. Pa misonkhano ya amayi, pa maukwati ndi pa maphwando a Khirisimasi, makala omwe timagula amachokera kuti? Nanga uvuni wa njerwa zomangira tchalitchi umadya mitengo ingati ya masuku ndi mombo? Mtengo umagwa chifukwa wogula alipo, ndipo chopereka cha Mulungu sichiyenera kulipira nkhwangwa yomwe ikuumitsa mipopi ya ana ake. Buku la Genesis 2:15 limatikumbutsa kuti munthu adaikidwa m'munda ngati mlimi ndi msungi.

Choncho tikupempha makomiti a mipingo kuti asiye kugula makala a mitengo yachilengedwe. Zomanga zatsopano zikhale za mabuloko a simenti. Amayi athu aphikire pa chitetezo mbaula, yomwe imadya nkhuni zochepa. Nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, mpingo uliwonse udzale mitengo ndi nsungwi pamalo ake, ndipo usankhe anthu oisamalira mpaka ikule. Mukamagula mbatata ndi kabichi kwa alimi a ku Tsangano ndi ku Lizulu, musawanenerere mpaka kuwalanda thukuta lawo. Mlimi wopeza phindu pamunda sathamangira kukaotcha makala.

Wootcha makala ndi mbale wathu, ena timadya nawo Mgonero. Musamuchititse manyazi. Khalani naye pansi pamodzi ndi mafumu ndi alangizi a zankhalango, mufune njira ina yoti adyetsere banja lake. Tipempherere atsogoleri athu kuti aope Mulungu, tipemphererenso mvula yabwino.

Kalatayi iwerengedwe m'mipingo yonse, ndipo komiti iliyonse ikambirane isanagule thumba lina.

Ife abusa anu mwa Ambuye,
a m'boma la Ntcheu