Khadi Lalikulu la Kompyuta Limamwa Ngati Injini ya Boti

Anyamata ena a ku Metangula, Messumba ndi Cóbuè amene apeza kangachepe pa malonda a usipa akulakalaka kugula kompyuta. Ena akufuna kutsegula kanyumba koti ana azilipira posewera mpira wa pa kanema. Ena akufuna kumalemba makalata oitanira anthu ku ukwati, zikwangwani za mpingo ndi kukonza mavidiyo a zinkhoswe. Akafika m'sitolo ku Lichinga, wogulitsa amawalozera chipangizo chimene pa Chipwitikizi amati placa gráfica, ku Malawi amati graphics card. Ndi khadi limene limajambula zithunzi zooneka pa kanema wa kompyuta, ndipo nthawi zina limadula kuposa kompyuta yonse.

Msodzi aliyense amadziwa kuti injini ya mahachi 40 imathamanga kuposa ya 15, koma saigula asanawerenge mafuta. Nzeru yomweyo ikufunika pano.

Khadi la Nvidia lotchedwa RTX 4090, lomwe linatuluka mu 2022 pa mtengo wa madola 1,599, limafuna mawati 450. Kuliyendetsa lokhalo pamafunika masola asanu a mawati 100, dzuwa lili paliwombo. Pa magetsi a EDM, likagwira ntchito yolemetsa maola 8, lamwa mayuniti 3.6 a Credelec. Khadi laling'ono la GTX 1650, la mu 2019, limafuna mawati 75 okha, ndipo pa maola omwewo silifika ngakhale yuniti imodzi. Mpira wa pa kanema wamba limaseweretsa ndithu. Kodi ana olipira timametikala towerengeka angabweze liti ndalama za khadi lalikulu lija?

Kwa wolemba makalata a ukwati ndi zikwangwani nkhani njosavuta. CorelDRAW ndi Photoshop zimadalira kwambiri purosesa ndi RAM, ndipo makompyuta ambiri amabwera kale ndi kambali kojambula zithunzi m'kati mwa purosesa. Munthu wotere khadi lapadera sakulifuna. Ndalamayo ikagule purinta yabwino ndi inki.

Wokonza mavidiyo ndiye ayenera kulingalira mofatsa, chifukwa pa ntchito yake khadi limathandizadi. Pali makhadi awiri oyandikana mtengo. RTX 3060 ya mu 2021 inayamba pa madola 329, ili ndi magigabayiti 12 osungira zithunzi ndipo imafuna mawati 170. RTX 4060 ya mu 2023 inayamba pa madola 299, ili ndi magigabayiti 8 okha, koma pa masewera ambiri imaposa inzakeyo ndipo imafuna mawati 115. Amene ali pa mzere wa EDM ndipo amakonza mavidiyo olemera angasankhe yoyambayo chifukwa cha malo ake otakasuka. Amene amadalira sola ndi mabatire, yachiwiriyo ndiyo yomuyenera.

Makhadi ogwiritsidwa kale ntchito ali ndi msampha wawo. Kwa zaka zingapo anthu kunja ankayendetsa makhadi usana ndi usiku pofukula ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum. Ntchitoyo itatha mu Seputembala 2022, makhadi otopawo anasefukira m'misika. Ambiri ndi a mtundu wa RX 580 wa kampani ya AMD, a mu 2017, ofuna mawati 185. Mtengo wake ndi wokopa, koma timafani take tingakhale titatheratu, ndipo kutentha kwa Okutobala kunyanja kuno, kuphatikizapo fumbi, sikuchitira chifundo chipangizo chodwala. Wogula aumirire kuti khadilo liyatsidwe ndi kuseweretsedwa ola lathunthu iye akuona asanatulutse ndalama, pakuti kubwerera nalo ku Lichinga ndi ulendo wa makilomita oposa 100.

Ndalama yotsala pogula khadi laling'ono ili ndi kopita. Magetsi akazima mwadzidzidzi, vidiyo ya ukwati wa eni ake imene inali pakati imatayika, ndipo nthawi zina kompyuta imawonongeka. Kabokosi ka batire kotchedwa UPS kamapatsa munthu mphindi zingapo zoti asunge ntchito yake ndi kuzimitsa bwino. Kameneko kalembedwe pa mndandanda wa zogula khadi lisanalembedwe.